Makhadi Anu Amapasa Andilanditsa Makiyi a Tchalitchi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Chiphaliwali Kompyuta,
ku Limbe.

Bwana wanga wolemekezeka,

Pepani polowa pamaso panu osaodira. Ndine Dyton Maliro wa pa Nsipe, m'boma la Ntcheu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, choncho mukapeza chilembo chopendekera mundikhululukire, ngakhale kalatayi ndaikopera katatu. Ndaiika poyera chifukwa makalata anayi amene ndinakutumizirani mwamseri mukuwasamala kwambiri, moti simukufuna kuwadetsa ndi yankho.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Msana utandiletsa kulima mbatata ku Mlangeni, ndinatsegula kanyumba ka magemu kuseri kwa msika. Muli makompyuta awiri olumikizidwa ndi chingwe, ndipo a kabaza amamenyerapo mpira akamadikira okwera. Mu Meyi ndinafika ku sitolo yanu kudzagula makhadi awiri a zithunzi, aja amalowa m'mimba mwa kompyuta kuti anthu a m'gemu azithamanga bwino. Ndinkafuna ofanana, otsika mtengo. Ofiira anali atatha, litangotsala limodzi. Kalaliki wanu, a Thomas, munthu wa tayi ndi mano oyera, anandipatsa lina lobiriwira nanditsimikizira kuti awiriwa ndi mapasa: mtengo umodzi, mphamvu imodzi, angosiyana malaya. Zikomo kwambiri pondiphunzitsa kuti ku Limbe bulu ndi njinga yamoto amabadwa mimba imodzi.

Tsopano loleni kapolo wanu ayale madandaulo ake, ang'onoang'ono ndithu.

1. Ine sindiika chinthu pamalo ndisanachiyese. Nditafika kunyumba ndinabwereka sikelo ya mbatata, ndinaipukuta, ndinayezapo makhadi onse awiri, lililonse kasanu. Lobiriwira linalemera kuposa lofiira. Lili ndi timafani tiwiri pomwe linzake lili ndi kamodzi. Katoni yakenso ndi yonyezimira, yojambulidwa chilombo cha mapiko. Mlimi aliyense wa ku Mlangeni akanagamula monga ndinagamulira ine, kuti thumba lolemera ndilo labwino. Ndikuyamika akatswiri anu chifukwa cha kulemerako. Sindikudziwa chimene anaikamo, koma si liwiro.

2. Kwathu kuno mlendo sakhala pa mpando wogwedera. Choncho kompyuta ya khadi lobiriwira ndinaiika kutali ndi chitseko kumene sikuwomba mphepo, ndi mpando wa khushoni umene akazi anga a Lufina anausokera nsalu. Pamene a kabaza a ku Sharpevale anabwera ndi njinga zamoto zisanu ndi imodzi kudzapikisana ndi a pa Nsipe, ndinawalandira ndi manja awiri ndi kuwakhazika pamenepo. Eni mudzi ndinawaika pa benchi, pa khadi lofiira. Bwana, alendowo anagonja magemu khumi ndi anayi otsatizana. Pa kompyuta yawo wosewera akafika pafupi ndi golo amaima kaye ngati wakumbukira kuti wasiya moto kumunda. Goloboyi wawo amadumpha mpira uli kale mu ukonde, a pa Nsipe akuvina. Ndipo tsoka lake, amene anagoletsa zigoli zambiri ndi mlamu wanga Maynard, amene dera lonse likudziwa kuti ngakhale bawo samaitha.

3. Khadi lofiira limathamanga, sindikana, koma limalira ngati chigayo cha dizilo ndipo limatulutsa mpweya wotentha kumbuyo. Mukudziwa kuzizira kwa kuno mu Juni. Nkhuku yathu inasiya chisa chake n'kukaikira mazira kuseri kwa kompyutayo, ine osadziwa. Nkhukuyo ndi yakuda, Bwana, yakuda bii, mpaka miyendo. Pa gemu ya khumi ndi chinayi, mlamu wanga atangogoletsa, inatuluka n'kutetera pamaso pa anthu onse. A Kingston, wapampando wa kabaza wa ku Sharpevale, anavula chipewa, anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, natuluka chambuyo. Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utamva kuti Maliro anakhwimira makina kuti mlamu wake azipambana. Pa katoni yanu munalemba machenjezo m'zilankhulo zisanu ndi zinayi, ndinaziwerenga ndi chala. Palibe ngakhale chimodzi chotchula nkhuku.

4. Pofuna kudziyeretsa ndinaitana mboni za mbali zonse. Ndinasinthanitsa mipando, a pa khadi lobiriwira anagonjabe. Ndinasinthanitsa zingwe, chimodzimodzi. Ndinatsekera nkhuku m'dengu kwa aneba, chimodzimodzi. Kenaka ndinasamba m'manja, ndinamasula makina onse awiri, timasikuluwu tomangira ndikuika m'mbale ziwiri zosiyana kuti tisasokonezeke, ndipo ndinasinthanitsa makhadiwo. Kugonja kunanyamuka n'kutsatira khadi lobiriwira monga galu atsatira mbuye wake. Ine ndinamwetulira, kuyesa mlandu watha. Koma a Kingston atalinyamula khadi lobiriwiralo naona timikanda takuda tondandalikidwa bwinobwino, ndi timawaya topyapyala ngati tsitsi, analengeza kuti tsopano chithumwa chenichenicho chagwidwa, ndipo mwini wake wachitulutsa ndi manja ake. Anthu ena anaomba m'manja.

5. Nditaimba foni kakhumi ndi kawiri, a Thomas anandiuza batani lotulutsa kanambala pakona ya sikirini, kosonyeza zithunzi zimene khadi likujambula pa sekondi imodzi. Ndinagula kope latsopano, ndinalemba mizere ndi rula, ndinatenga wotchi imene malemu bambo anga anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo ndinakhala masiku asanu ndi atatu ndikulemba. Lofiira limayenda pakati pa 55 ndi 60. Lobiriwira limayamba pa 40, osewera akaunjikana pagolo limatsika pa 22, ndipo mvula ikagwa m'gemumo limafika pa 11. Apa ndinavula chipewa. Munapanga khadi lodziwa kuti kukagwa mvula munthu wanzeru amabisala. Kuti ndisakunamizireni, pa gemu ya mpikisano wa magalimoto lobiriwira limaposa linzake ndi zithunzi zitatu, ndipo limagwira ntchito mwakachetechete ngati mkamwini watsopano. Koma a kabaza amakhala pa msewu tsiku lonse, safuna kupumira pa msewu wina. Kopelo ndinalionetsa kwa odandaula. Anandiyankha kuti wolodza makina sangalephere kulodza manambala.

6. Chiyambire pamenepo aliyense wokhala pa khadi lobiriwira amabwera atakonzeka monga achitira a mpira weniweni akaganizira kuti bwalo lapondedwa ndi mankhwala. Wina amawaza mchere. Wina salowera pakhomo, amadzera pa windo. Wina anapaka mafuta a nkhumba pa mabatani onse kuti asukulutse mankhwala, moti nyerere za pa Nsipe zinasamukira mu kiyibodi ndi mabanja awo. Nditafunsa ngati pepala lanu la chitsimikizo lingandithandize, a Thomas anandiuza mwaulemu kuti zowonongeka ndi mafuta a nkhumba kampani sizikuikhudza. Ndinasirira kuti yankho analipereka msanga chotero, ngati kuti funsoli amalilandira tsiku lililonse.

7. Ili ndilo landisowetsa mtendere. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusunga makiyi a tchalitchi chathu ndi kuliza belu. Sindinachedwepo ngakhale tsiku limene ndinalumidwa ndi chinkhanira. Sabata yatha mkulu wa mpingo, a Lazarus, anabwera kunyumba, anakana mpando, ndipo anapempha makiyiwo mpaka akulu atakhala pansi pa nkhani ya nkhuku. Lamulungu belu analiza munthu wina. Analiza mochedwa ndi mphindi zinayi, ndipo anamenya kasanu ndi kawiri m'malo mwa kasanu ndi kanayi. Ine ndinali pa benchi yakumbuyo, dzanja likungopapasa lamba pamene pankalendewera makiyi. A Lufina asiya kupita ku kwaya chifukwa anzawo amawafunsa mtengo wa mazira a nkhuku yakuda.

Akulu adzakumana Loweruka la pa 29, nthawi ya 10 koloko m'mawa. A Lazarus andiuza kuti kope langa sangalilandire popeza ndinalemba ndekha, koma mawu a mwini katundu adzawamva.

Choncho, Bwana, sindikupempha khadi lina. Ndikudziwa kuti mtima wanu ndi wofewa, sungapirire kulekanitsa mapasa. Ndinkafuna kungopempha kakalata ka mizere iwiri, kokhala ndi chidindo, konena kuti khadi lobiriwira ndi laulesi chibadwire, osati chifukwa cha Maliro. Koma ndaganiza kuti inki yanu ndi yodula, poona mmene mwaisungira miyezi iwiri.

M'malo mwake ndikukuitanani mwaulemu wonse kuti mubwere nokha tsikulo. Mukatsike pa Nsipe, mufunse kwa a nkhuku yakuda, aliyense akulozerani. Popeza mudzakhala mlendo wamkulu kuposa onse amene analowapo m'kanyumba kanga, sindingalote n'komwe kukukhazikani pa benchi. Mudzakhala pa khushoni, kutali ndi mphepo, pa khadi lobiriwira, lolemera, la timafani tiwiri. Pa lofiira padzakhala a Lazarus, amene ali ndi zaka 74, ng'ala diso limodzi, ndipo sanagwirepo kompyuta chibadwire. M'gemumo ndidzaika mvula. Mukapambana, ndidzagwada pamaso pa akulu ndi kuvomera kuti ndi mapasadi, makiyi apite. Akakugoletsani agogowo, mudzasankhe nokha chouza mpingo: kaya kuti munandigulitsa bulu m'katoni ya chilombo cha mapiko, kaya kuti inunso, Bwana Mkulu wa ku Limbe, ndi maphunziro anu onse, mwagonja kwa nkhuku ya a Lufina.

Mchere musavutike kunyamula. Ulipo wokwanira mu kiyibodi.

Ine wanu wamng'ono, wogwada ngakhale msana ukukana,

Dyton Maliro
Woliza belu woimitsidwa,
Kuseri kwa msika, Nsipe.