Buku la Alamu Anga

Inu, senderani kuno, basi sibwera msanga, ndipo sutikesi iyi siluma. Mukaona yomangidwa ndi lamba chonchi musandiyese munthu wamba. Ine mabuku ndawerenga. Sukulu ndinaisiya isanandisiye, koma kulikonse komwe ndagwirako ntchito, kaya kokweza matumba m'malole, kaya kopenta zikwangwani, m'thumba mwanga simunkasowa buku. Masiku amenewo, masiku abwino, mabuku tinkagula pansi, kwa mkulu wina woyala pa chiguduli pafupi ndi depoti. Chikuto kulibe, masamba oyamba wina anayatsira kale moto. Tinkayambira pomwe buku lapulumukira, ndipo tinkamva bwinobwino. N'chifukwa chake mpaka lero ine mutu woyamba sindiwerenga. Mutu woyamba ndi malonje chabe: kunja kwacha bwanji, mitambo ili kuti. Wodziwa kuwerenga amalowera pakati, pomwe anthu ayamba kale kutukwanana.

Mfundo imeneyo muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Tsono ndinali kwa mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Ndinangopita kukaona ana, sabata imodzi basi, koma mukudziwa mmene masabata amaberekerana. Mvula inandipeza komweko, inatha, inabweranso n'kundipeza pa mpando wautali womwewo wa pabalaza, umene masana unali wa alendo, usiku bedi langa. Tinali titazolowerana. Pakati pake panali dzenje lofanana ndi msana wanga ndendende.

Alamu anga ndi munthu wofatsa, wowerenga mamita a madzi. Tsiku lonse amagwada m'mipanda ya anthu agalu akuwauwa. Palibe ankadziwa chomwe amadzitsekera m'chipinda akaweruka. Tsiku lina anangotulukira ndi katoni n'kuitsegula pa tebulo: mabuku, onunkhira inki, dzina lawo pachikuto.

"Ndasindikiza ochepa chabe," anatero, maso ali pansi. "Muwerenge, mundiuze maganizo anu. Musandinyengerere."

Lina anapatsa akazi awo, lina ine, lina linadutsa pamwamba pa mpanda kupita kwa aneba athu, mayi a saluni ndi amuna awo owotcherera zitsulo.

Nkhani yake, inu, ndi ya kutsogolo kwenikweni, zidzukulu za zidzukulu zathu zitamera imvi. Magalimoto akuyenda m'mwamba, apolisi a pamsewu akuwaimitsa atakwera mabaluni. Katundu wa m'nyumba amayankhula: ketulo imakupatsa moni, chitseko chimakufunsa komwe wachedwa. Ndiye m'nyumba ina ya pamwamba pa nsanjika mwafa munthu. Pabwera wapolisi wofufuza, wa chikhothi chachitali, munthu woyenda malo ambiri. Amene akumukayikira ndi mayi wa m'nyumbamo, koma wofufuza uja, m'malo momumanga, wagwa naye m'chikondi mpaka kuiwala unyolo m'galimoto.

Ine nditangoona chikhothi chachitali, ndinadziwa. M'nyumba imeneyo chikhothi ali nacho ndani? Woyenda malo ambiri ndani? Ndinachitulutsa m'sutikesi n'kuyamba kuchivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Alamu, mwalemba," ndinawauza m'mawa tikumwa tiyi. "Wofufuzayu mwamugwira bwino. Sindifunsa komwe mwamutenga."

Alamu anatsamwa.

"Koma malemuyu," ndinapitiriza, "uyu aliyense akungomutchula kuti Mlendo. Mboni zonse zikumudandaula. Ketulo ikuti inkawira osapuma. Firiji ikuti inkamudziwa ndi mapazi. Sopo akuti ankatha ngati wagwera mumtsinje. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma uyu anali chithaphwi. Akanakhala m'nyumba mwanga, ndikanamupha ndekha osadikira wolemba."

"Onjezani shuga, alamu," anatero iwo, akundikankhira mbale. Shuga wina anatayikira pa tebulo. Ndinati ndi chimwemwe cha kuyamikiridwa.

Mlongo wanga anangochotsa makapu pa tebulo. Iye bukulo analiwerenga mwamtundu wina. Amuna ake atangotuluka ndi chikwama chawo, anandiitanira kukhitchini, tsamba lina atalipinda pakona.

"Achimwene, inu ndinu owerenga. Werengani apa."

Ndinawerenga mokweza. Tsitsi la mayi wa m'bukumo linkanunkhira mafuta a ndimu, ndipo akaseka ankagwira khutu lakumanzere, ngati akuopa kuti ligwa.

"Mwamva? Bambo awa amene sadziwa ngakhale mtundu wa makatani a m'nyumba mwawo, khutu la mkazi alidziwira kuti? Lakumanzere, achimwene. Munthu sapeka lakumanzere. Aliona penapake, m'mipanda momwe amagwadamo."

"Chemwali, zolembalemba izi..."

"Mundipezere mkazi ameneyu. Mukalephera, sutikesi yanu mukaipeza panja. Mukamupeza, ine ndilongedza, ndipo mpando uja ndinagula ndine."

Inu, tamverani, mulione bwino vuto langa. Ndikalephera, ndagona panja. Ndikapambana, ukwati watha, mpando wakwera lole. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinamanga mabatani a chikhothi mpaka m'khosi.

Wofufuza wanzeru amayambira pafupi. Mafuta a tsitsi amapezeka kuti? Kuseri kwa mpanda.

Nditalowa m'saluni, phokoso linadukiza. Munali amayi angapo, wina mutu uli m'chipewa chotentha chija, wina akumuluka, ndipo buku la alamu linali pa miyendo ya wina, litayamba kale kukwinyika.

"Ndi omwewo?" ananong'oneza wina.

"Ndi omwewo. Taonani sokosi."

Ndinaweramitsa mutu pang'ono, monga amachitira anthu otchuka.

"Takulandirani, achimwene a aneba," anatero mayi a saluni, chipeso chili pakamwa. "Tikulukeni ziti? Pamutupo sindikuonapo pogwira."

"Ndangodzera kudzamva maganizo a owerenga."

Zinali ngati ndatsegula mpopi. Wa m'chipewa uja anakuwa, poti sankadzimva yekha, kuti wofufuzayo ndi wozizira: buku lafika pakati, iye wangogwira mkazi dzanja, dzanja lakenso la m'gulovu. Wina anati ayi, mwamuna wotero ndiye wabwino, othamanga aja tinawaona mathero awo. Wolukidwa uja anati iye chamukwiyitsa ndi chitseko chofunsa komwe wachedwa.

"Apongozi ndili nawo kale. Ndikagulenso ena a mahinjesi?"

Onse anaseka, ine maso ali pa khutu la mayi a saluni. Koma manja awo onse anali m'tsitsi la kasitomala. Ndinafotokoza nthabwala yanga ya woyendetsa lole ndi mbuzi, imene inagwetsapo anthu m'mabenchi m'matauni ambiri. Anangoti, "Kenako?" Nthabwala inali itatha.

Khutu litakanika, ndinatsata mphuno. Ndinayendera mabotolo pa shelefu, kutsegula lililonse, mpaka ndinalipeza: ndimu weniweni. Chotsala chinali kutsimikiza pa mwini wake. Ndinazembera kumbuyo kwawo, manja kumsana, n'kuweramira pa tsitsi lawo, n'kukoka mpweya wautali, maso nditatseka kuti ndimve bwino.

Nditatsegula maso, m'galasi munali anthu atatu: mayi a saluni, ine, ndi amuna awo, magalasi akuda owotcherera ali pachipumi.

"Akulu," anatero mofatsa, "mwataya chiyani m'mutu mwa akazi anga?"

"Ndi kafukufuku."

"Tiyeni mukafufuzire kwanu."

Anandigwira pa kolala ya chikhothi. Munthu wozolowera kunyamula mageti, inu. Mapazi anga ankangopatsa moni pansi mwa apo ndi apo. M'njira anandiuzanso maganizo ake pa bukulo, poti aliyense anali nawo.

"Magalimoto onse aja akuuluka, buku lonse mulibe wowotcherera ndi mmodzi yemwe. Likathyoka phiko amapita kwa ndani? Zabodza."

Pogeti kolala inatsala m'manja mwake, ine n'kulowa pabalaza ndi liwiro la ndekha. Kumbuyo kwathu kunali saluni yonse, wina tsitsi theka loluka theka loimirira. Alamu anali atangofika kudzadya masana. Mlongo wanga anatuluka kukhitchini atagwira mpeni wa anyezi.

Tsono m'mabuku onse amene ndawerenga, wofufuza akasonkhanitsa anthu m'chipinda chimodzi, ndiye kuti nthawi yakwana. Ndinaima pakati, ndinakonza pomwe panali kolala.

"Pasatuluke munthu. Chemwali, munandituma. Mafuta a ndimu ndawapeza, ali pa shelefu ya mayi awa, ndi pamutu pawo. Alamu, ine munandilemba kukhala wofufuza, musadabwe kuti ndafufuza."

Alamu anakhala pansi pang'onopang'ono. Mlongo wanga anayang'ana mayi a saluni, mpeni uli m'manja.

"Mafuta amenewo ndimadzoza aliyense wolowa pakhomo panga," anatero mayi a saluni. "Inunso aneba, ndinakudzozani Loweruka. Koma taimani. Achimwene, mwati anakulembani kukhala ndani?"

"Wofufuza."

"Mutu woyamba munawerenga?"

"Ine mutu woyamba sindiwerenga. Ndi malonje."

"Ndipatseni bukulo."

Anapukuta manja pa epuloni, ananyowetsa chala, n'kuyamba ndi mawu a munthu wowerenga m'tchalitchi. Mtembo unapezeka pa mpando wautali wa pabalaza, m'dzenje lofanana ndi msana wake. Unavala sokosi imodzi yabuluu, ina yakuda, chala chachikulu chili panja kupuma mpweya. Pambali pake panali kapu ya tiyi ya shuga wofika pakati, ndi sutikesi yomangidwa ndi lamba. Malemuyo anabwera kudzaona ana, sabata imodzi basi.

Anthu onse anayang'ana mapazi anga. Nsapato ndinali nditavula pakhomo, mwaulemu, ngakhale ndinali pa liwiro. Ndinayesa kubweza chala, koma chinakana.

Kenako ndinamva kamawu kachilendo, ngati ketulo ikayamba kuwira. Anali mlongo wanga. Anaika mpeni pa tebulo, mapewa akugwedezeka.

"Anati... anati akanamupha yekha," anatero, n'kuphulika. Anaseka mpaka kutsamira khoma, misozi ili mbwembwembwe, ndipo dzanja lake linakwera lokha n'kukagwira khutu. Lakumanzere.

Saluni yonse inati, "Aaa."

Iye anaima, dzanja lidakali pomwepo. Analitsitsa n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Ine ndimatero?"

"Munkatero, mayi," anatero alamu, maso ali pansi monga mwa masiku onse. "Tsiku lomwe ndinabwera kudzawerenga mita kwanu, tisanakwatirane, galu atanding'ambira buluku, munatero. Kungoti papita nthawi musanaseke m'nyumba muno."

"Chiyambire liti?"

Alamu anangoyang'ana sutikesi yanga, ndipo anthu onse anawathandiza kuyang'ana.

Wa m'chipewa uja anayamba kulira, akuti wofufuza wozizira uja tsopano wamumvetsa. Wowotcherera anandibwezera kolala yanga, n'kunena kuti akaganiza bwino bukulo lili ndi mfundo. Mlongo wanga anakatenga mbale ya alamu n'kuwonjezeramo nyama, imene ndikudziwa bwino kuti inali yanga.

Ine ndinali ndi funso limodzi, poti kumapeto ndinali ndisanafike.

"Alamu, tsono anandi... anamupha ndani?"

"Musavutike nazo, alamu."

"Ndi mwini nyumba eti? Ndinamukayikira kuyambira pakati."

"Ndi mpando," anatero mayi a saluni. "Unatopa. Tsiku lina unangodzipinda iye ali momwemo."

"Ndiye anaumanga?"

"Khoti linaumasula. Mpando unafotokoza mbali yake, woweruza analira."

"Pamenepo ndi pomwe panandikomera ine," anatero wolukidwa theka uja, ndipo kwa nthawi yoyamba owerenga onse a buku limenelo anagwirizana.

Kunena zoona, palibe anandithamangitsa. Mlongo wanga, mtima utakhala pansi, anati, "Achimwene, ntchito mwagwira, ngakhale mwaigwira chammbuyo. Khalani ndithu." Alamu anatsamwanso, koma anavomera ndi mutu. Anthu atabalalika ndinapita pa mpando wanga kuti ndipumule. Nditangotsitsa thupi, chitsulo china m'kati mwake chinalira, kulira kwautali, kochokera pansi pa mtima. Mpando umenewo ndagonapo mvula ndi mvula, sunayambe walirapo chotero. Ndinadzuka mwaulemu, ndinaupepesa, n'kuyamba kufunafuna lamba wa sutikesi.

Ndi uyu mukundiona pano. Ndikupita kwa msuweni wanga wokonza mawotchi, kukaona ana, sabata imodzi basi. Ndafufuza kale: salemba, ndipo pabalaza pake pali mabenchi okhaokha.

Bukulo ndili nalo m'sutikesimu, alamu anandisainira. Mukafuna maganizo anga, ine amene ndawerenga mabuku ambiri, ndi buku labwino. Chikondi chake n'chogwira mtima, magalimoto ake amauluka bwino. Mukalipeza muliwerenge. Koma muyambire mutu wachiwiri. Woyambawo ndi malonje chabe.