Mahedifoni a Khutu Limodzi

Lolemba

Ndatsimikiza mtima: sabata ino sindigula mahedifoni atsopano. Ndalemba pano kuti misala ikandiyamba ndizidziwerengera ndekha.

Omwe ndili nawowa ndi abwinobwino. Mavuto ake ndi ochepa chabe:
- khutu lakumanzere linafa chaka chatha
- chingwe ndinachimata ndi selotepi malo atatu
- ndikayetsemula nyimbo imadula
- siponji yakumanja ndinasoka ndekha ndi chigamba cha yunifolomu ya pulayimale

Telala amagwira ntchito ndi maso, manja ndi miyendo. Makutu amangokhala. Limodzi silingakwane bwanji?

Akazi anga, amake Chisomo, andikumbutsanso m'mawa. Lamulungu amalume awo akubwera kudzandiloza malo a m'mbali mwa msewu oti ndimangepo shopu yangayanga. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusokera pakhonde la eni pano pa Milonde! "Amalume amati mkamwini wokonda zidole sapatsidwa dothi," atero mayiwa. Zidole ine? Ndine munthu wamkulu, wa ana awiri.

Lachiwiri

Msika wadzaza. Che Saidi, aja amaoda katundu ku Muloza, ayala lona lawo moyang'anizana ndi khonde langa. Dala! Msika wonsewu malo asowa?

Pamwamba penipeni pa mulu pali mahedifoni akuda, opanda chingwe, makutu ake onenepa ngati mandasi a m'mawa. Sindikuyang'anako. Ndikusoka siketi ya mayi wina wa ku esiteti ya tiyi. Ndayang'anako kanayi kokha.

"Atelala, awa amatseka phokoso lonse, ngakhale chigayo chimakhala duu!" Akufuula choncho akudziwa bwino kuti chigayo chili kuseri kwa khoma langa.

Ndawayankha kuti ine ndine wokhutira ndi zomwe Mulungu anandipatsa. Siketi ija ndaisoka ndi kumunsi komwe, yasanduka thumba la ufa. Ndaphwasula mwini wake asanabwere.

Lachitatu

Njira zothawira mayesero:
1. Kutembenuza makina kuti ndiziyang'ana kuphiri.
2. Kuyamikira zomwe ndili nazo.
3. Kusapatsana moni ndi Che Saidi.

Yachitatu yafa m'mamawa, moni ayamba ndi iwo. Yoyamba nayo yakanika: phiri lonse lafunda chiperoni, palibe choona, ndipo kumeneko kulibe kuwala kolowetsera ulusi. Ndabweza makina.

Yatsala yachiwiri. Kunena zoona, khutu lakufali lili ndi ntchito yake. Ndi lomwe ndimamvera moni wa odutsa, odi wa makasitomala, belu la akabaza. Lakumanja nyimbo, lakumanzere anthu. Zabwinotu zimenezi.

Koma nyimbo ya kwaya imene ndimaikonda ija, oimba besi onse anawaika kumanzere. Chaka chathunthu ndikumva azimayi okhaokha. Azibambo anapita kuti? Mtima umandiwawa ndithu.

Lachinayi

Kuyesa si kugula.

Che Saidi andiveka okha, ine manja ali kumbuyo. Mayo ine! Azibambo a kwaya aja abwerera onse, abweranso ndi ng'oma imene sindinkadziwa kuti ilimo. Chigayo zii. Njinga zamoto zii. Che Saidi akuyankhula, ine ndikungoona ndevu zikugwedera.

Ndavula msangamsanga. Ndabwerera pamakina, ndavala akale aja. Akulira ngati udzudzu uli m'chitini. Dzulo lomweli anali bwino, wawalodza ndani?

Kunyumba amake Chisomo: "Mwakhala chete bwanji lero?" Ndati ndikuganiza za shopu. Silinali bodza kwenikweni. Ndimaganiza za khoma loti ndidzakhomepo msomali wokolekapo mahedifoni.

Lachisanu

Kamvula kawaza. Che Saidi akupita kumzikiti, abwera ndi kabokosi. "Tandisungirani aka, kangandinyowere." Katundu yense wina afunditsa lona, koma aka kokha ndiye koopa mvula. Munthu uyu ndi katswiri.

Kusunga si kugula.

Ndasunga m'bokosi mpaka nditamaliza kolala imodzi. Kenako ndasunga pamutu. Pochokera kumzikiti andipeza nditang'amba kale kapulasitiki, ndipo pamsika pano aliyense amadziwa kuti katundu wong'ambidwa pulasitiki sabwerera. Angotambasula dzanja, tagwirana chanza.

Basi, ndagula. Sindinagwe ayi, ndangoterereka.

Pulani yatsopano:
1. Kuwabisa pansi pa thumba la zigamba.
2. Kulandira malo Lamulungu ndi nkhope ya munthu wodziletsa.
3. Kuwatulutsa mwezi wamawa, nkunena kuti ndi mphatso ya kasitomala.

Masiku awiri okha. Ndingalephere?

Loweruka

Ndalephera.

Pakhonde sindingawavale, theka la Milonde ndi abale a mkazi wanga. Ndiye ndakokera makina m'kachipinda kakumbuyo kosungiramo nsalu, ndatseka chitseko. Nyimbo imodzi yokha. Imodziyo yabereka ina, inayo yabereka ina. Ndikuimba besi pamodzi ndi azibambo anga, mokweza, mwendo uli pamakina. Kukoma!

Potuluka ndapeza pabenchi pali zikhomo zinayi zosema bwino, zomanga ndi luzi. Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi khonde sanadikire kuti ndifunse. "Amalume a akazi anu anabwera. Mawa akuperekeza chinkhoswe ku Muloza, ndiye amati akukhomereni malire lero. Odi katatu. Agogoda. Akhala pabenchipo mpaka mthunzi wachoka. Inu m'katimo mukungoti aleluya."

Kwathu kuno odi akapanda kuyankhidwa m'nyumba muli munthu, ndiye kuti mwam'pirikitsa mlendo. Nanga mlendo wake amalume, mwini dothi!

Ndakwera kabaza, zikhomo m'manja. Ndawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndanjuta, ndawomba m'manja, ndafotokoza kuti chigayo chimasokosa. Andimvetsera mpaka kumapeto, modekha, maso ali pakhosi panga. "Ndi zokongola," atero.

Ndinaiwala kuvula.

Lamulungu

Kwacha bwino, phiri likuoneka lonse. Lachedwa, ndinkalifuna Lachitatu.

Amalume adutsa m'mawa pa ulendo wawo, asiya mawu kwa amake Chisomo. Akuti sanakwiye. Akuti malo a m'mbali mwa msewu amafuna munthu wakumva odi, ndiye tidzakambanso akadzakolola. Pakadali pano abzalapo nanazi. Ndine wa ku Mulanje ine, ndikudziwa kuti nanazi sizipsa chaka chimodzi.

Amake Chisomo sanakalipe. Angotenga mahedifoni akale aja, awakoleka pamsomali wa kalendala pabalaza, pomwe ndimayang'ana ndikamadya. Kuyambira potuluka kutchalitchi sanandiyankhule. Chete ameneyu ndiye atsopanowa akulephera kumutseka. Ndili ndi chisoni, ndipo wondilakwira palibe.

Mawa ndibwerera pakhonde la eni. Kavalidwe ndayeserera kale: lakumanja pakhutu, lakumanzere ndalikankhira kumbuyo, pafupa, kuti ndizimva anthu.

Ndayatsa kwaya ija. Azimayi okhaokha. Azibambo apitanso.