Mabotolo a mkulu wa mpingo

Lolemba
Ngalande ya kuseri kwa nyumba yatsekekanso. Ndikutokosa ndi khasu: mabotolo okhaokha! Mvula ya masiku ano ikangoti waa, kuno ku Manja madzi amalowa mpaka kuchipinda. Mwana wanga Tadala, amene akuphunzira ku Chichiri, akuti nyengoyi taisokoneza tokha. Akuti galasi amalisungunula n'kupanga lina, utsi wa kufakitale n'kuchepako. Chabwino. Chimwalirireni mayi ake ndimangokhala. Ndiyamba kutolera.
Zofunika: matumba, magolovesi, wilibala ya aneba. Ndichapenso jekete. Lamulungu kuli Mgonero, ndipo thireyi ya timakapu ndimanyamula ndine, mkulu wa mpingo. Ntchito yokhayo yomwe yanditsalira.

Lachiwiri
Matumba anayi! Ndauza makomo onse a mzere wathu kuti asamataye, azibweretsa kwanga. Ndikudikira a jamu, a tomato sosi, a mankhwala a chifuwa. Akubwera: a mowa, a mowa, a kachasu wa m'sitolo, a mowa. Kani mzere wathu umamwa chonchi?

Lachitatu
Ku Limbe ndi thumba limodzi. Kondakitala wa minibasi: "Madala, phwando linali lamphamvutu!" Basi yonse kuseka. Kudepoti ya zakumwa akulandira mabotolo obweza okha, a m'makireti. Enawa? "Yesani kwina." Kwinako: "Ife ndi zitsulo ndi mapulasitiki, bambo." Ndikubwerera nalo thumba langa, likulira njira yonse. Pasiteji ndikumana ndi Mayi Likaka, akazi a alembi a mpingo wathu. Moni akupereka kwa ine, maso ali pathumba.

Lachinayi
Pakhomo matumba ena asanu. Palibe wagogoda. Mayi wina wogulitsa uchi watengako mabotolo atatu. Atatu! Mmisiri wina amafuna osweka oti akaike pamwamba pa mpanda ku Namiwawa, koma akuti abwana asintha maganizo, aika waya wamagetsi. Pabwalo panga pakununkha ngati pabala. Ntchentche zaitanana.

Lachisanu
Amayi a kumpingo, mwadzidzidzi. Andipeza botolo lili pamphuno, ndikununkhiza ngati munali parafini ndisanatsuke. Nyimbo ziwiri, pemphero lalitali. Wamkulu wawo: "Umasiye ndi wowawa, bambo, koma mowa sutonthoza." Ndikufotokoza za nyengo, za ngalande, za utsi. Akugwedeza mitu mwachisoni. Pochoka andisiyira vesi. Ine amene ngakhale thobwa logona ndimakana!

Loweruka
A Likaka eni ake, ndi akulu ena awiri. Mipando akana. "Sitikukuweruzani, achimwene. Kungoti anthu akuyankhula. Mawa mupume kaye." Ndikuimbira Tadala kuti awafotokozere yekha, foni yake yazima. Akuluwo akutuluka mosamala, kuopa kuponda matumba. Jekete ili pachingwe, yauma bwinobwino. Ndakhala pakhonde n'kulira, osabisa.

Lamulungu
Benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Thireyi anyamula a Likaka. Akufika pamzere wanga, akupitirira maso ali pansi. Timakapu timene ndakhala ndikutsuka ndi manja angawa zaka zonsezi! Mtima ukuwawa. Nyimbo yomaliza sindikuimba nawo.

Kunyumba, pageti, thumba latsopano. La feteleza, lomangidwa mwaluso. M'kati mabotolo obiriwira, a mowa wodula. Pambali pake dzina lolembedwa ndi inki, monga timachitira potumiza chimanga kuchokera kumudzi: LIKAKA.

Ndikauze ndani? Mkulu woledzera angamumvere ndani? Ndatembenuza thumbalo kuti dzina liloze kukhoma, odutsa asaone. Ndavula jekete, ndatunga madzi. Awanso ayenera kutsukidwa.