Tsiku limene ana anandidyera manyutironi

Mpaka lero ndikaona matemba pa lichero ndimayang'ana kumbali. Bola ndifotokoze ndekha, ena asanaithire mchere nkhaniyi.

Ndinali pa uphunzitsi woyeserera pa sekondale ina kufupi ndi Kachulu. Tsiku limenelo mayi wina wa kukoleji amabwera kudzandionerera, ndipo kulephera kukanatanthauza kubwereza chaka chonse. Phunziro linali la maaisotopu: maatomu a chinthu chimodzi, mapulotoni ofanana chiwerengero koma manyutironi osiyana, motero ena olemerako kuposa anzawo. Labu kunalibe. Nzeru inandibwerera m'khitchini mwa mkazi wanga (mmene nzeru zanga zoipa zambiri zimabadwira).

Ndinatenga malichero atatu. Lililonse ndinaikapo njere sikisi za mtedza, mapulotoni amenewo. Manyutironi anali matemba okazinga: loyamba sikisi, lachiwiri seveni, lachitatu eyiti. Kaboni wa mitundu itatu, wooneka ndi maso. Matembawo anali osungira apongozi anga, amene amafika masana kuchokera ku Likangala. Sindinapemphe. Otsala ndinawanyamulanso m'jumbo, ati sipeya.

Minibasi ya mayi aja inatitimira m'matope. Teni koloko inadutsa, kenaka leveni. Ndinavundikira malichero ndi chitenje n'kupita kumsewu kukawachingamira. Ganizani nokha: ana a Fomu 3 amene anadzuka osalawa kanthu, ine n'kuwasiyira nsomba yokazinga kuti aziyang'anira.

Titalowa m'kalasi ndinayamba mwamatama, n'kuvundukula chitenje ngati wamatsenga. Lichero loyamba linali ndi matemba awiri. Lachiwiri, kamchira kokha. Lachitatu linayera, ndipo mtedza unatsala faifi. Jumbo ya sipeya inali yopindidwa bwinobwino, mwaulemu. Ana onse maso ali pabolodi, milomo ikunyezimira mafuta. Mayi aja anayamba kulemba. Ndinachita mantha zedi.

Kenaka Asiyatu, mtsikana wofatsa wa kumbuyo, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, awiriwa akadali kaboni, chifukwa mtedza ulipo sikisi. Angopepuka basi. Koma lachitatulo wina wadya pulotoni. Si kaboninso ameneyo, ndi boroni."

Mayi aja anaika cholembera pansi n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Anati sanaonepo kalasi yolowetsa phunziro m'kati chonchi. Ndinakhoza, ndipo ana akuba aja ndinawakonda kuposa kale.

Kunyumba ndinapeza apongozi atadyera chisoso chokha, mkazi wanga atawafotokozera zonse. Sanandiyang'ane. Anauza mwana wawo mofatsa, ine ndikumva: "Uwauze bambowo kuti chaka chamawa azitola miyala. Miyala ilibe mwini."

Ndinamvera. Chaka chotsatira ndinatola miyala yosalala, yoyera ndi yakuda, n'kuiyala bwino pa malichero. Palibe unasowa, ndipo palibenso mwana amene anamva kanthu.

Masiku ano matemba a phunziroli ndimakagula ndekha ku Kachulu, mbale ziwiri. Yoyamba ndimayamba ndapereka kwa apongozi.