Mutu wa a Laston unali sikelo

Ayi, musandidule pakamwa, sikelo a Laston a kwa Nazombe sankaikhulupirira. Sikelo yawo inali mutu. Chilichonse chimene ankafuna kudziwa phindu lake ankachisenza: nkhuku, mtondo, njinga ya aphunzitsi. Mnyamata wina atabwera kudzafunsira mwana wawo, anamunyamula n'kumuika pamutu, nati, "Ngwopepuka uyu, koma tingomulandira."

Ine nditangobwera kuchokera ku Halale, anasenza sutikesi yanga pamsewu pomwepo.

"Muli chiyani muno, mphwanga?"

"Mabuku, malume."

"Pepa. Kulemera konseku koma osadyeka."

Kuseri kwa nandolo wawo ankalima chamba. Eni akewo sankasuta, utsi wake unkawayetsemulitsa. Ankasenza kamtolo kamodzi kupita nako kutsidya kwa Apwitikizi, pobwera n'kutsogolera amuna osenza chimanga. Pa njala ija ya '49, amayi amasiye a m'mudzi mwathu anapulumukira kamtolo komweko. Koma ndisabise, chamba chomwecho chinazunguza mutu mwana wa mlongo wawo wina, amene mpaka lero amalalikira mbuzi pa Migowi.

Ine ndiye ndinali wa kutauni, wosatopa kuwaphunzitsa chitukuko.

"Malume, maiko otsogola amalima thonje."

"Anthu a kumeneko ali ndi makosi angati?"

Tsiku lina asilikali a boma anabwera n'kuzula munda wonse wa chamba uja. A Laston sanalimbane nawo. Anangopempha kusenzako mfuti ya sajeni, nati, "Eya, iyi ikulemera kuposa mawu anga." Mlangizi wa zaulimi anawasiyira mbewu ya thonje.

Analima ndithu, mizere yowongoka monga boma linkafunira. Tsiku la msika anasenza chimtolo chachikulu ngati nkhokwe. Pachigwa mphepo inawapeza, inawazungulitsa ngati nguli, n'kukawatula m'dambo miyendo ili m'mwamba. Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Kumsika kalaliki anati thonje lonyowa ndi lamatope saligula pa mtengo wa loyera. Tindalama timene anawapatsa anatiika pamutu, naima chilili.

"Mphwanga, ukutiona tindalamati? Ine sindikumva kanthu."

Anandifunsa ine, pamaso pa anthu onse.

Chaka chotsatira amayi amasiye aja anapita kukathyola tiyi ku Mulanje, ana awo n'kusiya sukulu. A Laston anamwalira dzinja lomwelo, mwakachetechete, mosafanana ndi iwo. Chamba nacho sichinathe. Tsopano chimachokera kutsidya, ndipo chimanga chathu ndicho chimapita uko. Ndikafuna kunena kuti boma linachita bwino, lilime limandilemera. Ndikafuna kunena kuti linalakwa, ndimakumana ndi mlaliki wa mbuzi uja. Pamsika palibenso wothamangira kubisa njinga yake poopa kuti a Laston aisenza, aliyense amangoyang'ana zala za kalaliki pasikelo.

Dzulo pa Migowi ndinapeza mkazi wa a Laston, mayi Belita, atakhala pansi akugulitsa kalongonda wophika. Ndinafuna kulambalala, koma anali atandiona kale.

"Achitukuko, gulaniko. Uyu boma silinaletse."

Ndinagula wa kobiri. Anandiwonjezera wina wa ulere, n'kundikulungira m'tsamba la nthochi. Kalongonda sindidya, koma ndinamunyamula mpaka kunyumba akundiwotcha m'manja.