Tsiku limene ndinasuta mathero a sinema

Mlandu uwu ndaubisa zaka zambiri, ndipo ndikaukumbukira ndimaseka kaye, kenako kusekako kumatha.

Inali nthawi ya nkhondo, ku Mualadzi. Ine shikola ndinayamba ndevu zitamera kale, ndili ndi ana atatu, ndipo ndinkakhala kumbuyo kwenikweni (maondo ankakana kulowa pansi pa tebulo). Mphunzitsi wathu, a pulofesola Amelia, analibe mabuku. Ndiye anatolera mapepala a matumba a simenti, n'kuwamata ndi phala la chinangwa mpaka kukhala chipepala chachitali. Anajambulapo zithunzi, n'kuchikulunga pa ndodo ziwiri m'bokosi loboola kutsogolo. Ukapukusa ndodo, zithunzi zinkayenda. Sinema yeniyeni!

Nkhani yake inali ya Zuze ndi mlongo wake Tereza, ana amene analowa m'mphako ya mlambe n'kutulukira m'nthawi ya makolo. Lachisanu lililonse tinkaonera chigawo chimodzi. Aa, inu! Lero akupemerera moto kwa osula makasu, sabata inayo akuthawa asipayi ogwira anthu a chibalo. Ine ndinkakuwa kuposa ana.

"Bambo, inu ndiye akuluakulu pano," anatero a pulofesola. "Bokosili muzisunga kwanu, ndipo muzipukusa ndinu."

Tsono masiku amenewo fodya analipo m'munda, koma pepala lopichirira linkasowa ngati mchere. Makoko a chimanga ankandikanda kukhosi. Tsiku lina ndinang'amba kachidutswa kumapeto kwa mpukutuwo, pomwe panalibe chithunzi. Kukoma kwake! Mawa lake ndinang'ambanso. Kenako ndinafika pa mitambo (mitambo ili ndi ntchito yanji m'mbiri ya dziko?). Mlamu wanga atamva fungo anapempha naye. Awirife tinasuta mbuzi, mtengo wathunthu, ndi mayi wina wotambasula manja.

Lachisanu lomaliza makolo anadzaza bwalo. Ndinapukusa. Zuze ndi Tereza liwiro, asipayi ali pambuyo, ana a shikola akudumpha: "Thamangani! Mlambe uli pafupi!" Ndinapukusanso mwamphamvu. Pepala linangoti phethu kutha, ndipo pabowo paja panaoneka nkhope yanga.

"Mlambe uli kuti?" anafunsa a pulofesola.

"Chiswe, a pulofesola."

"Chiswe chong'amba mowongoka chonchi?"

"Cha kuno n'chaukhondo."

Mlamu wanga anatsokomola mpaka misozi, anthu n'kufa nako kuseka. Koma mtsikana wina, Luzia, amene mchimwene wake anatengedwa ndi anthu amfuti chaka chomwecho, sanaseke. Anaimirira.

"Ndiye kuti sabwereranso kwa amayi awo?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti mayi wotambasula manja uja ankadikira ndani.

A pulofesola analonjeza kuti ajambulanso akapeza matumba ena. Mwezi usanathe mfuti zinalira pafupi, tinabalalika, ena ku Zambia, ena ku Malawi. A pulofesola sindinawaonenso, ndipo sindinaulule kwa aliyense. Fodya ndinalumbira tsiku lomwelo kuti ndasiya. Ndinasiyadi, mpaka Lamlungu.

Luzia, ngati uli moyo ndipo wina akukuwerengera izi, chiswe chija ndinali ine. Koma ana aja anafika. Mlambe unalipo, anatuluka m'mphako onse awiri, ndipo amayi awo anali chiimire pakhomo. Ndinaziona ndi maso angawa ndisanayatse.