Nabanda Achoke M'filiji Mwanga

Lolemba
Filiji yafika! Bizinesi ya mafilizesi yayambika. Malambe, shuga, timachubu, kulaboksi yobwereka kwa achemwali, zonse zilipo. Vuto ndi limodzi. Kuno ku Mitundu filizesi aliyense amatchedwa Nabanda, dzina la mayi amene anayamba kugulitsa pageti ya sukulu kalekale. Nabandayo ndi mkazi woyamba wa amuna anga. Mwiniwake anachoka, dzina linatsalira m'kamwa mwa ana. Sabata ino lichokanso. Anga ndi Tsitsimuka!

Lachiwiri
Auma gwa! Ndalemba dzina pakulaboksi ndi penti yofiira. Kasitomala woyamba: "Nabanda awiri." Ndikumuuza kuti awerenge pabokosi. Akuti ali sitandade wani.

Lachitatu
Nzeru zabwera! Wonena kuti Tsitsimuka alandira mmodzi waulere. Ana akukuwa Tsitsimuka mpaka aphunzitsi kusuzumira pawindo. Bokosi lonse psiti. Ndawina! Pobwerera ndikumva akuitanizana kuti pageti pali Nabanda waulere.

Lachinayi
Ndikufunsa amuna anga ngati akukoma. "Kwambiri. Nabanda wanuyu akuposa wa Nabanda." Ndiwo adziphikira okha lero.

Lachisanu
Msuweni wanga wa ku Nathenje akuti kumeneko ena amati mafilizesi, ena aisi, akuluakulu amangoti zozizira zija. Mayi uja palibe womudziwa. Dziko labwino bwanji! Ndaumitsa ambirimbiri, a malambe ndi a bwemba. Mawa ulendo.

Loweruka
Pasiteji ya Nathenje. Mayi wina akuwerenga bokosi n'kunena yekha, osamuuza: "Tsitsimuka mmodzi." Pang'onong'ono ndilulutire! Kenako minibasi yaima, kondakitala wake wokulira ku Mitundu. Waona timachubu, walawa, wakuwa: "Anthuni, Nabanda wafika ku Nathenje! Weniweni!" Manja mbwee m'mawindo monse. Atha onse. Pofika masana mavenda anzanga nawonso akuitanira Nabanda. Nabanda uja ndamubweretsa ndekha kumsewu waukulu, nditamunyamula pamutu. Zikundiwawa!

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kwauma, m'filiji mwanga mulibe kanthu. Pansi pa mango pali amayi ena ndi kulaboksi yawo. Ndikumva mawu akuti, "Ndipatseni Nabanda mmodzi." Mawuwo ndi anga. Amuna anga akuyang'ana mitambo ngati sanamve.

Basi. Penti yofiira yatsalako pang'ono. Nabanda ndi zilembo zisanu ndi ziwiri zokha, ikwana.